Karonga Isangokhala Yoonerera Masewera a M'makoleji

Kuyambira m'chaka cha 2018, pamene bwalo la masewera la Karonga Stadium lidatsegulidwa, anthu a m'boma la Karonga aonetsa mtundu wonse kuti masewera amawakonda ndi mtima wao wonse. Timu ya Karonga United ikamasewera pakhomo, anthu amachokera ku Kaporo, ku Nyungwe, ku Chilumba ngakhalenso ku Songwe komwe, ena panjinga, ena pamatola, kudzakhala padzuwa loswa mtengo mpaka mluzu womaliza utalira. Matimu akuluakulu a ku Blantyre ndi ku Lilongwe adazindikira kale kuti ulendo wa ku Karonga suli wopita kukatola chipambano pansi ngati mango akugwa okha. Zimenezi nzonyaditsa, ndipo onse amene adagwirapo ntchito kuti bwalolo limangidwe ayenera kuthokozedwa.

Komabe pali funso limene atsogoleri a m'bomalo, akuluakulu a maphunziro ndi antchito a Boma ayenera kudzifunsa mopanda kudzinyenga. Kodi ophunzira a m'makoleji ali pati pa bwalo limeneli? Kodi iwo ndi oti azingolipira pachipata, nkukhala pansi, nkumaombera m'manja anzao, kapena nawonso ali ndi tsiku lao lolowa m'bwalomo atavala makaka a sukulu zao?

Boma la Karonga, limene pa kalembera wa anthu wa 2018 lidapezeka ndi anthu oposa 365,000, lilibe likulu la yunivesite ya Boma. Ena amaimirira pa mfundo yomweyi ndi kunena kuti nkhani ya masewera a ophunzira apamwamba siikhudza Karonga. Maganizo otere ngolakwika. M'bomali muli Karonga Teachers' Training College, imene imasula aphunzitsi a sukulu za pulayimale. Muli koleji ya ntchito zamanja ya Ngara, kumene Boma lidakhazikitsira ndondomeko ya makoleji a ntchito zamanja a m'madera m'chaka cha 2015. Muli sukulu ya ntchito zamanja ya Miracle, pafupi ndi sukulu ya sekondale ya Chaminade. Mulinso nthambi ya Mzuzu University yothandiza ophunzira amene amachita maphunziro ao ali kwao. Kungokwera phiri kuchokera ku Chitimba munthu afika ku Khondowe, kumene kuli University of Livingstonia, ndipo yunivesite yomweyo ili ndi nthambi ina ku Kaseye m'boma la Chitipa. Anyamata ndi atsikana a m'sukulu zimenezi ali pa msinkhu umene thupi limakhala pachimake pa mphamvu zake. Ngati iwo sapikisana, chifukwa chake sichingakhale kusowa kwa anthu.

Njira yoti adzere ilipo kale. M'dziko muno muli bungwe la TESSAM limene limayendetsa masewera a ophunzira a m'mayunivesite ndi m'makoleji. Pamwamba pake pali bungwe la CUCSA limene limasonkhanitsa ophunzira a maiko a kumwera kwa Africa, ndipo masewera a bungweli adachitikira mu mzinda wa Lilongwe m'chaka cha 2022, chaka chomwecho chimene mzindawo udalandiranso masewera a achinyamata a Region 5 m'mwezi wa Disembala. Pamwamba pa onsewo pali bungwe la FISU, limene masewera ake a ophunzira a dziko lonse lapansi adayambira mu mzinda wa Turin ku Italy m'chaka cha 1959. Makwerero amenewa ngathunthu kuchokera pansi mpaka pamwamba. Koma mnyamata wophunzira ukalipentala ku Ngara sangaponde popondera pachitatu asadaponde poyamba, ndipo popondera poyambapo ndi mpikisano wa pakati pa makoleji oyandikana, wochitika m'boma lomwelo, chaka ndi chaka, mosadumphitsa.

Amene adaona zaka zoyambirira za ufulu wodzilamulira akukumbukira kuti masewera sadali chinthu chapadera ndi maphunziro. University of Malawi idayamba kuphunzitsa m'chaka cha 1965. Dziko lino lidatumiza ochita masewera ku Olympics koyamba m'chaka cha 1972 ku Munich, ndipo m'chaka cha 1974 Nyumba ya Malamulo idakhazikitsa bungwe la Malawi National Council of Sports. Zipatso sizidachedwe kuoneka: timu ya Flames idatenga chikho cha maiko a kum'mawa ndi pakati pa Africa mu 1978 ndi mu 1979, idafika ku ndime yomaliza ya chikho cha Africa mu 1984, ndipo idakhala yachitatu pa masewera a All-Africa Games ku Nairobi mu 1987. Osewera a nthawi imeneyo sadagwe kuchokera kumwamba. Adaleredwa pa mabwalo a sukulu, m'manja mwa aphunzitsi amene ankadziwa kuyeza bwalo ndi chingwe, kuthira phulusa m'mizere, kulemba ndandanda wa masewera ndi kuimba mluzu mwachilungamo.

Apa ndi pamene koleji ya aphunzitsi ya Karonga ikhalira mwini nkhani. Wophunzira aliyense wotuluka pakolejiyo amakapatsidwa ana ambirimbiri pa sukulu ya kumudzi, mwina ku Wiliro, mwina ku Lupembe, mwina kumapiri kumene nkhani za masewera zimangomveka pa wailesi. Mphunzitsi amene pa zaka zake za pakoleji sadathamangepo pa mpikisano, sadakhalepo m'komiti yokonza masewera, sadaonepo m'mene matimu asanu ndi limodzi amagawidwira kuti aliyense akumane ndi mnzake, adzafika pa sukulu yakeyo nkusandutsa nthawi ya masewera kukhala nthawi yosesa pabwalo kapena yotunga madzi. Sadzachita zimenezi chifukwa cha nkhanza, koma chifukwa munthu sapatsa mnzake chimene iye mwini alibe. Koma mphunzitsi amene adasewerapo m'timu ya koleji yake adzafika ndi mpira m'chikwama, ndipo pomatha teremu yoyamba sukuluyo idzakhala ndi timu. Ndalama imodzi yolowa m'masewera a pa koleji ya aphunzitsi imabala m'sukulu makumimakumi. Akuluakulu adati kuongola mtengo mpoyamba, ndipo amene adzaongole mitengo ing'onoing'onoyo ndi amene lero akuphunzira uphunzitsi.

Pokonza zimenezi nkofunika kuphunzira kuchokera ku zimene zidachitika ku Mzuzu. Timu ya Mzuni FC idatenga dzina la Mzuzu University ndi kulifikitsa mu ligi yaikulu ya dziko lino, ndipo kwa zaka zingapo idasangalatsa anthu a chigawo cha kumpoto. Koma ligi yaikulu ili ndi mtengo wake. Timu imayenda maulendo ataliatali mpaka ku Blantyre ndi ku Zomba, imagona m'nyumba zolipira, imadya, imalipira osewera ndi aphunzitsi ao, ndipo imachita zimenezi miyezi yambiri pa chaka, nthawi ya mayeso ndi nthawi ya tchuthi chimodzimodzi. Wophunzira weniweni, amene Lolemba m'mawa ayenera kukhala m'kalasi, sangapirire moyo wotere kwa nthawi yaitali, motero timu yotere imayamba kudalira osewera amene sali pasukulu. Mapeto ake yunivesiteyo idaleka kuthandiza timuyo, ndipo timuyo idasintha dzina nkukhala Mzuzu Warriors. Palibe chifukwa cholozera chala munthu pa nkhaniyi. Yunivesite imene ili ndi zipinda zophunziriramo zosakwanira, mabuku osakwanira ndi ophunzira osowa pogona siingathe kusenza timu ya ligi yaikulu mpaka kalekale.

Zoterezi sizidachitike m'Malawi mokha. Ku South Africa timu ya Wits, imene idayambira pa yunivesite ya Witwatersrand ku Johannesburg m'chaka cha 1921, idakula mpaka kutenga ligi ya dzikolo mu 2017 ikudziwika ndi dzina loti Bidvest Wits. Patangotha zaka zitatu, mu 2020, malo ake mu ligi adagulitsidwa, ndipo mbiri ya zaka pafupifupi zana limodzi idathera pa siginecha ya anthu amalonda. Ku United States, kumene bungwe la NCAA lakhala likuyendetsa masewera a m'makoleji kuyambira 1906, masewerawo adasanduka malonda aakulu kotero kuti kuyambira 2021 ophunzira adaloledwa kulandira ndalama potsatsa malonda ndi maina ao, ndipo mu 2025 bwalo la milandu lidavomereza kuti mayunivesite azilipira osewera ao mwachindunji. Achinyamata oonera zimenezi pa kanema amasirira mabwalo odzaza ndi magetsi owala. Chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Dziko limene likuvutika kugula choko silingatsate njira imeneyo, ndipo silifunikanso kuitsata.

Chimene Karonga ikusowa nchochepa ndi chotheka. Timu ya koleji ikhale ya ophunzira a kolejiyo, amene maina ao ali m'kaundula ndipo akukhoza mayeso ao. Mnyamata wa m'tauni wodziwa kuponya mpira asabwerekedwe tsiku la mpikisano nkuvekedwa malaya a sukulu imene sadalowemo ndi tsiku limodzi lomwe. Chinyengo chimenechi chidaononga kale mipikisano yambiri ya m'sukulu, ndipo chimaphunzitsa wophunzira, amene mawa adzakhala mlembi wa m'ofesi ya Boma kapena mphunzitsi wamkulu, kuti kupambana mwakuba nkololedwa malinga ngati sunagwidwe. Wophunzira amene walephera mayeso apumule kaye kubwalo mpaka atakonza za m'kalasi. Masewera achitike Loweruka, ndipo ndandanda wake ulembedwe chaka chisadayambe kuti usaombane ndi mayeso kapena ndi nthawi imene ophunzira a uphunzitsi amapita kukayesera ntchito m'sukulu.

Nkhani ya ndalama nayo iyenera kunenedwa poyera. Paliponse pamene ophunzira amasonkha ndalama ya masewera, kapena pamene Boma lapereka gawo la masewera m'ndondomeko ya chuma ya sukulu, ndalamayo igwire ntchito ya masewera. Isasanduke ndalama yogulira mafuta a galimoto ya akuluakulu, kapena yolipirira misonkhano imene anthu amakambirana za masewera koma osagula mpira ndi umodzi womwe. Pakutha pa teremu iliyonse, pepala losonyeza ndalama zolowa ndi zotuluka likhomedwe pamalo poti wophunzira aliyense aliwerenge. Msungichuma amene manja ake ngoyera sangaope pepala lotere.

Ophunzira a Mzuzu University amene amaphunzira ali kwao ayenera kuganiziridwa mwapadera. Kuchokera ku Karonga kukafika ku Luwinga, kumene kuli likulu la yunivesiteyo, pali mtunda wa makilomita oposa 200, kudzera pa msewu wa M1 ndi zikweza za ku Chiweta. Matimu a yunivesite akamasankhidwa pa bwalo la ku Luwinga, nkwapafupi kuiwala kuti kunyanja kulinso ophunzira a yunivesite yomweyo, ovala gauni lomwelo pa tsiku lolandira madigiri. Ambiri mwa iwo ndi anthu apantchito, ena ndi aphunzitsi, ndipo sangasiye ntchito kukayesedwa liwiro ku Mzuzu. Koma atakhala ndi timu yao ku Karonga, yopikisana ndi makoleji oyandikana nawo, waluso pakati pao adzaoneka, ndipo yunivesite idzadziwa kumene ingamupeze. Yunivesite imene idafikitsa maphunziro ake ku Karonga ingathenso kufikitsako mipira iwiri, ukonde ndi munthu mmodzi woyang'anira masewera.

Bwalo la Karonga Stadium lidamangidwa ndi chuma cha anthu onse. Masiku amene matimu a ligi yaikulu amalifuna ngowerengeka, ndipo masiku ena onse bwalolo lingatumikire ophunzira. Khonsolo ili ndi chifukwa chomveka chofunira ndalama pa bwalolo, pakuti udzu sudzithirira wokha ndipo mpanda sudzikonza wokha. Komabe kulipiritsa timu ya ophunzira mtengo wofanana ndi wa timu ya ligi yaikulu kapena wa msonkhano wamalonda kuli ngati kutseka chipata ndi loko. Makhansala angathe kugwirizana za mtengo wapadera wa sukulu, kapena kupatula masiku angapo pa chaka amene bwalolo lingaperekedwe kwa makoleji mwaulere, ophunzirawo nkubweza posesa ndi kulambula. Ndipo pokonza nthawi, okonzawo akumbukire kutentha kwa ku Karonga. Mu Okutobala ndi Novembala kuthamangitsa munthu makilomita asanu dzuwa lili paliwombo ndiko kumuika pa ngozi. Mipikisano ya liwiro ichitike m'mamawa kapena dzuwa litapendeka, madzi akumwa ali pafupi, ndiponso wachipatala ali pomwepo.

Atsikana asaikidwe kumapeto kwa ndandanda ngati chinthu chongokumbukira pomaliza. Chigawo cha kumpoto chidapereka ku mtundu uno Mwai Kumwenda wa ku Mzimba, amene adatchuka pa mpira wamanja mpaka ku Australia. Chidaperekanso Tabitha ndi Temwa Chawinga a ku Rumphi, boma loyandikana ndi Karonga. Timu ya Scorchers idatenga chikho cha COSAFA mu 2023, ndipo mu 2024 Temwa adasankhidwa kukhala wosewera wopambana onse mu ligi ya amayi ya ku United States atamwetsa zigoli 20. Palibe angakhulupirire kuti luso lotere limathera pa malire a Rumphi. Mtsikana wa ku Karonga amene amapalasa njinga atanyamula thumba la mpunga wa Kilombero kuchokera ku Hara kapena ku Wovwe ali ndi mphamvu zimene mphunzitsi wa masewera aliyense angazisirire. Koleji iliyonse imene ikulembetsa timu ya anyamata ilembetsenso timu ya atsikana, ndipo ndalama zigawidwe mofanana. Atsikanawo akamapita ku mpikisano apite ndi mayi wowayang'anira, agone malo otetezeka, ndipo mphunzitsi kapena mkulu aliyense wofuna kusinthanitsa malo a m'timu ndi zachisembwere achotsedwe ntchito ndi kukaonekera ku bwalo la milandu.

Palinso chuma china chimene boma la Karonga lili nacho koma mizinda ikuluikulu ilibe. Lilongwe idachita kumangirira dziwe losambiriramo ndi ndalama zankhaninkhani pokonzekera masewera a 2022. Karonga ili ndi nyanja kuyambira ku Songwe mpaka kupitirira Chilumba, ndipo ana a asodzi amasambira asadadziwe kulemba dzina lao. Mpikisano wotchuka wopalasa ngalawa wa mayunivesite a Oxford ndi Cambridge udayamba m'chaka cha 1829 pa mtsinje wa Thames, madzi amene poyerekeza ndi nyanja ya Malawi ali ngati ngalande ya m'munda wa mpunga. Nchifukwa ninji koleji ya Ngara, imene ili m'mphepete mwa nyanja ndipo imaphunzitsa ntchito zamanja, isakhale ndi ngalawa zake zopikisanirana, zokhomedwa ndi ophunzira ake omwe? Malo ake asankhidwe mosamala, kutali ndi mathiriro a mitsinje kumene kumakhala ng'ona, ndipo nyengo ya mwera ipewedwe. Phindu lake silidzathera pa chikho. Mphunzitsi amene adaphunzira kusambira ndi kupulumutsa munthu womira ndi chuma chachikulu pa sukulu ya m'mbali mwa nyanja, makamaka m'boma limene mitsinje ya North Rukuru, Lufilya ndi Songwe imasefukira kawirikawiri nthawi ya dzinja.

Atsogoleri a chipani m'nthambi, m'madera ndi pa boma ali ndi gawo lao, ndipo gawolo liyenera kumveka bwino. Pali chizolowezi chakuti chisankho chikayandikira zikho zimamera ngati bowa, aliyense wofuna mpando akugawa mipira ndi malaya olembedwa dzina lake, ndipo chisankho chikangotha zikhozo zimauma ngati bowa yemweyo. Achinyamata adazindikira kale zimenezi ndipo sanyengekanso. Mtsogoleri wofunadi kuthandiza apereke thandizo lake ku komiti ya masewera a makoleji, lilembedwe m'buku, ndipo chikho chikhale ndi dzina la boma la Karonga kuti chikhalepobe iye atachoka pampando. Pa bwalo la masewera pasafunsidwe kuti wophunzira ngwa chipani chiti, ngwa mpingo uti, kapena kuti kwao amayankhula Chingonde, Chitumbuka, Chilambya kapena Chichewa. Makoleji a Boma amalandira ophunzira ochokera m'zigawo zonse, ndipo mnyamata wa ku Nsanje akapatsira mpira mnzake wa ku Kaporo nkugoletsa, umodzi umene umalalikidwa pa misonkhano umaoneka ndi maso.

Amalonda nawo angapemphedwe, koma apemphedwe mwadongosolo. Mgodi wa Kayelekera, umene udatsegulidwa mu 2009 ndi kuima mu 2014, udayambanso kugwira ntchito mu 2025 pansi pa kampani ya Lotus Resources. Pa chipata cha Songwe pamadutsa katundu wambiri wochokera ku doko la Dar es Salaam. Pali mabanki, ogula mpunga ndi eni malo ogona alendo amene amapindula masewera akabweretsa anthu m'tauni. Koma kampani siipereka ndalama kwa munthu wobwera ndi chipewa m'manja ndi mawu okoma okha. Imafuna kuona pepala lonena kuti matimu ndi angati, adzasewera liti, ndalama idzasungidwa kuti, ndipo adzasaine ndani.

Pepala limenelo ndilo likusoweka, ndipo olilemba alipo kale ndipo amalandira malipiro mwezi ndi mwezi. Bwanamkubwa wa boma la Karonga ali ndi mphamvu zoitanitsa mkulu woona za masewera m'bomalo, mkulu woona za achinyamata, mkulu wa maphunziro, akuluakulu a makoleji onse, atsogoleri a ophunzira ndi nthumwi ya TESSAM kuti akhale pansi tsiku limodzi. Msonkhano wotere sufuna hotela ya kunyanja kapena ndalama zogonera. Chipinda cha khonsolo nchokwanira. Potuluka m'chipindamo akhale atagwirizana masewera oyambira, monga mpira wamiyendo, mpira wamanja, volebo ndi liwiro, masiku a chaka chonse, malamulo a amene ali woyenera kusewera, ndi dzina la munthu mmodzi amene adzafunsidwe ngati Loweruka loyamba lifika matimu osaoneka pabwalo. Chaka choyamba chikayenda bwino, makoleji a ku Khondowe ndi ku Kaseye aitanidwe m'chaka chachiwiri, ndipo opambana atumizidwe ku masewera a TESSAM pa galimoto imene mafuta ake adaikidwa kale m'ndondomeko ya chuma ya khonsolo.